Tilembe Pamene Helikopita Ingatere Namondwe Asanabwerenso

Mutu umene ndikufuna tikambirane lero ungaoneke ngati wa anthu okhuta, chifukwa ukukhudza helikopita, chinthu chimene ambirife sitidzachikwera n'komwe. Koma anthu a ku Mulanje amaidziwa helikopita kuposa anthu a maboma ambiri, ndipo amaidziwira pa tsoka. Imamveka m'mwamba milatho ikakokoloka, misewu ikaduka, chimanga chikakwiririka m'matope. Mfundo yanga ndi imodzi. Helikopita yodzapulumutsa anthu imabwera ndi mafuta, akatswiri ndi katundu, koma pali chinthu chimodzi chimene siingabwere nacho, ndicho kudziwa malo. Kudziwa malo kuli ndi ife, m'mitu mwathu, momwazikana, ndipo woyendetsa ndege wochokera ku Dar es Salaam kapena ku Lusaka alibe nthawi yoti atifunse mmodzimmodzi. Tiyenera tsono kusonkhanitsa zimene tikudziwazo mu kaundula mmodzi wa pa intaneti, wolembedwa ndi manja ambiri, wotseguka kwa aliyense, wonena za mahelikopita amene anafikapo kuno, pamene anatera, ndi pamene angaterenso. Ntchitoyi ndi yoyenera kugwiridwa m'chilimwe, kunja kuli bata.

Kulemba kaundula wa ndege ndi manja a anthu wamba si chinthu chachilendo padziko. Pangano la mayiko la ku Chicago la 1944 limalamula kuti ndege yosakhala ya asilikali yoyenda pakati pa mayiko ikhale ndi zilembo zosonyeza dziko limene inalembetsedwa. Za kwathu kuno zimayamba ndi 7Q, za ku Zambia ndi 9J, za ku Tanzania ndi 5H, za ku Mozambique ndi C9, za ku Kenya ndi 5Y, ndipo zambiri za ku South Africa zimayamba ndi ZS. Zilembo zimenezi zinabala gulu la anthu okonda ndege amene amaima kunja kwa mpanda wa bwalo la ndege, kope m'manja, n'kumalemba iliyonse yotera ndi yonyamuka. Kwa zaka zambiri aliyense ankasunga kope lake. Intaneti itabwera, makopewo anakumana. Mu 1996 Harro Ranter wa ku Netherlands anayambitsa Aviation Safety Network, kaundula wa ngozi za ndege amene ali ndi gawo lolembedwa ndi anthu ongodzipereka. Mu 2006 anthu awiri okonda ndege ku Sweden anayambitsa Flightradar24, ndipo mu 2009 anatsegula khomo kuti aliyense wokhala ndi kachipangizo kolandira mauthenga a ndege azitumiza zimene kagwira. Lero timakina timeneti tilipo masauzande ambiri pa madenga a anthu wamba, ndipo atolankhani ngakhale makampani a ndege amadalira zimene anthuwa amasonkhanitsa.

Helikopita komabe imavuta kuitsata ndi makina okha. Mauthenga amene ndege zimatumiza amayenda molunjika, sakhota kuseri kwa phiri, pamene helikopita imauluka m'munsi, m'zigwa ndi m'mphepete mwa mapiri. Zambiri za asilikali siziwonekera n'komwe pa mapu amenewa. Ngakhale mumzinda wa Washington, likulu la dziko lolemera la America, anthu amene ankafuna kudziwa kuti ndi helikopita yanji ikusokosa pamwamba pa nyumba zawo anachita kuyambitsa ntchito yotchedwa CopterSpotter, momwe aliyense woona helikopita amatumiza chithunzi ndi malo amene waionera. Ngati kumeneko makina anaperewera mpaka kufuna maso a anthu, nanga bwanji kuno, kumene phiri la Mulanje lotalika mamita 3,002 laima m'boma lathu? Pali kusiyana kumodzi kokha. Anzathuwo amalemba chifukwa cha chidwi, kapena chifukwa phokoso likuwasowetsa tulo, ndipo chimene chimawakopa ndi makinawo: mtundu wake, chaka chimene anapangidwa, eni ake akale ndi atsopano. Ife chidwi chomwecho tingakhale nacho, ndipo si cholakwika, koma chotikakamiza n'china. Kwa ife funso lalikulu ndi lakuti: chinthu chija chinatera pati, chinanyamula chiyani, ndipo chinavutika ndi chiyani?

Tikumbutsane mbiri yathu mwachidule. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kusesa midzi ya ku Phalombe, imene panthawiyo inali mbali ya boma lino, popeza Phalombe anakhala boma palokha mu 1998. Anthu mazanamazana anafa. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anachititsa boma kulengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Mu Malichi 2019 kunabwera chimvula chokhudzana ndi namondwe wa Idai, ndipo asilikali a ku South Africa anabwera ndi ndege zawo kudzathandiza. Kenako mu Malichi 2023 kunafika namondwe wa Freddy, amene bungwe la zanyengo la dziko lonse linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri lathuli, kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Pa 13 Malichi mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, analengeza za ngozi m'maboma a chigawo cha kumwera. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anachoka m'nyumba zawo. Madera a kwa Mfumu Njema ku Muloza, ndi a ku Nkhulambe, anadulidwa kotheratu, ndipo mayiko a Tanzania ndi Zambia anatumiza mahelikopita, bungwe la World Food Programme nalonso linabweretsa yake. Kuchokera mu 2015 kufika mu 2023 ndi zaka zisanu ndi zitatu zokha, ndipo m'zaka zimenezo dziko lino lafuna thandizo la m'mwamba mobwerezabwereza. Aliyense wonena kuti sizidzachitikanso akutsutsana ndi kalendala.

Tsono onani chimene chimachitika namondwe akadutsa. Malipoti amalembedwa, ndipo ndi ofunika: amawerenga anthu okhudzidwa, nyumba zogwa, matani a ufa amene anagawidwa ndi ndalama zofunika pokonzanso zinthu. Koma pali nzeru ina yaing'ono imene malipoti otere sanapangidwire kusunga. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu inayake amadziwa kuti bwalo la mpira la pasukulu pake limakhala thope lokhalokha mvula ikagwa masiku atatu, koma chakumtunda kwake kuli malo ouma. Mfumu imadziwa kuti pakati pa tchalitchi ndi chigayo padutsa waya wa magetsi amene saoneka bwino dzuwa likapendeka. Mlangizi wa zaumoyo amadziwa mudzi umene uli ndi amayi oyembekezera ambiri tsidya lina la mtsinje wa Ruo kapena wa Lichenya. Woyendetsa helikopita amene anatera pamenepo anaphunzira zonsezi movutikira, koma ntchito itatha anabwerera kwawo ndi zimene anaphunzirazo. Mphunzitsi uja amasamutsidwa, wa ku khonsolo amapuma pantchito, ogwira ntchito m'mabungwe kontirakiti ikatha amapita ku dziko lina. Namondwe wotsatira akabwera, woyendetsa wina watsopano amayambiranso pachiyambi, kuzungulira m'mwamba kufunafuna potera, mafuta akutha. Nzeru imene tinaigula ndi misozi imatayika chifukwa chosowa pamene tingaiike.

Kuti timvetse chifukwa chake nzeru yaing'onoyi ili yamtengo wapatali, tiyenera kudziwa pang'ono mmene helikopita imagwirira ntchito. Anthu ambiri amaganiza kuti imatera paliponse, koma si choncho. Imayandama chifukwa mapiko ake ozungulira amakankhira mpweya pansi mwamphamvu. Mpweya ukapepuka, monga zimakhalira pamalo okwera kapena kukatentha, mphamvuyo imachepa, ndipo woyendetsa amayenera kuchepetsa katundu kapena mafuta. Katundu amene inganyamuke naye ku Chileka m'mamawa si amene ingatere naye pamwamba pa phiri masana. Imafuna malo osapendekeka kwambiri, olimba moti matayala sangatitimire, opanda mitengo italiitali kumene ikutsikira ndi kumene ikukwerera. Mawaya ndi mdani wake wamkulu chifukwa m'mwamba saoneka. Mphepo ya mapiko ake imatha kuzula malata osakhomedwa bwino, kuulutsa matenti a anthu othawa madzi ndi kudzutsa fumbi lotseka maso a woyendetsa. Timapiko ta kumchira tikamazungulira sitioneka, ndipo khamu lothamangira ufa likhoza kuvulala. Pa zonyamula, helikopita yaikulu ya mtundu wa Mi-8 imatenga matani atatu kapena anayi, pamene lole imodzi yaikulu imatenga matani 30. Ola lililonse m'mwamba limadya ndalama zochuluka, ndipo nkhungu ikatsika kapena dzuwa likalowa, ntchito imaima. Choncho mphindi khumi zilizonse zotayika posaka potera ndi matumba a ufa amene sanafike, kapena wodwala amene wagonanso tsidya lina.

Phiri lenilenilo limawonjezera vuto. Tonse timaidziwa nkhungu ya chiperoni, yochokera mbali ya ku Mozambique, imene imatha kuphimba phiri masiku angapo. Alendo asowapo m'phirimu. Mu 2003 mlendo wa ku Netherlands anasowa cha ku Sapitwa. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil anasowa komweko, ndipo thupi lake linapezeka patadutsa milungu yoposa iwiri, nkhani imene inadzapangidwa filimu mu 2017. Pa kusaka kotere, amene amadziwa phanga lililonse, njira yodutsa mvula ikagwa ndi nthawi imene nkhungu imayamba kukwera m'chigwa ndi otsogolera alendo ndi onyamula katundu a ku Likhubula ndi ku Fort Lister. Iwowa angakuuzeni mosakayika kuti pafupi ndi nyumba zogona alendo za ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Minunu, malo athyathyathya ali pati, dambo lonyenga lili pati, ndipo mphepo imakonda kuchokera kuti. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, zimene zikutanthauza kuti alendo adzachuluka, ndipo ena mwa iwo adzathyoka mwendo kutali ndi msewu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma woyendetsa ndege ali m'mwamba angafunse bwanji ngati mayankho sitinawalembe?

Kaundula amene ndikunenayu akhale ndi magawo atatu. Loyamba ndi la malo. Pa bwalo lililonse la sukulu, la tchalitchi kapena la esiteti limene lingalandire helikopita, tilembe dzina limene eni dera amalitchula, manambala a GPS, kutalika ndi kutambalala kwake poyesa ndi mapazi kapena chingwe, kupendekeka kwake, mmene limakhalira m'dzinja, mawaya ndi mitengo yozungulira, zithunzi zojambulidwa mbali zinayi, midzi imene lingathandize ndi chipatala chapafupi. Lachiwiri ndi la maulendo akale: tsiku, malo, helikopita ya dziko liti kapena bungwe liti, zilembo zake ngati zinaoneka, zimene inabweretsa, amene inanyamula anali angati, ndi vuto limene linaoneka. Zambiri za Malichi 2023 zikadali m'mafoni a anthu ngati zithunzi ndi mavidiyo, ndipo foni iliyonse yowonongeka kapena kubedwa ikupita ndi umboni wake. Lachitatu ndi la makina enieniwo: mtundu, kukula, kulemera kumene inganyamule ndi bwalo limene imafuna. Gawo limeneli ndi limene lingakope achinyamata okonda ndege, ndipo ndi pamene anzathu akunja angatithandize, chifukwa pali anthu amene akangoona chithunzi amadziwa kusiyanitsa Mi-8 ndi Oryx ya ku South Africa. Magawo atatuwa akalumikizana, wokonza thandizo ku Blantyre kapena ku Lilongwe angathe kuona msanga kuti helikopita ya msinkhu wakuti inaterapo pa bwalo lakuti mvula ili mkati, ndipo zinayenda bwino.

Wina angafunse ngati Amalawi tingaithe ntchito yotere. Yankho ndi lakuti tinaiyamba kale m'njira zina. Mapu a OpenStreetMap, amene anayambitsidwa ndi Steve Coast ku Britain mu 2004, amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo anatchuka pamene chivomezi chinagwedeza Haiti mu Januwale 2010. Mu 2014 ophunzira, ogwira ntchito za boma ndi anthu a m'midzi anayenda ku Nsanje ndi ku Chikwawa kulemba nyumba, misewu ndi zitsime pa mapu omwewo, ndipo boma lili ndi tsamba la MASDAP losungira mapu otere kuti aliyense awapeze. Mu 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa dera loyeserako tindege topanda woyendetsa pa ntchito zothandiza anthu, ndipo mu Januwale 2020 kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, yomwe imagwira ntchito limodzi ndi yunivesite ya MUST ya kwa anansi athu ku Thyolo. Kuno kwathu mwambo wolemba ndi wakale. Maesiteti a tiyi ndi malo a kafukufuku a ku Mimosa akhala akuyeza mvula tsiku ndi tsiku kwa zaka makumimakumi. M'nyumba za m'phiri muli mabuku amene alendo amalembamo za ulendo wawo. Alangizi a zaumoyo amasunga makaundula a midzi, ndipo makomiti oona za ngozi alipo kuyambira pa mudzi mpaka pa boma. Anthu odziwa kulemba tili nawo, a luso la makompyuta tili nawo. Chosowa ndi kuwakumanitsa pa ntchito imodzi.

Tsopano ndiyankhe zotsutsa, chifukwa zilipo ndipo zina n'zomveka. Choyamba ndi chakuti boma la anthu oposa 680,000, monga anawerengera mu 2018, lili ndi mavuto akulu kuposa amenewa. Anthu akufuna milatho yolimba, malo abwino osamukirako, mitengo m'mapiri ndi chenjezo lofika msanga, ndipo helikopita ndi mankhwala a matenda amene tikanawapewa. Ndikuvomereza zonsezo. Mlatho umodzi wolimba umapulumutsa anthu ambiri kuposa maulendo zana a m'mwamba. Koma mlatho umafuna mabiliyoni ndi zaka, pamene kuyeza bwalo la mpira kumafuna foni imodzi, chingwe ndi masana amodzi. Ntchito ziwirizi sizilimbirana thumba limodzi. Komanso kaundulayu ndi umboni wofunira milathoyo. Ngati zolemba zikusonyeza kuti dera limodzi lomwelo lakhala likufuna helikopita namondwe aliyense akabwera, phungu ndi makhansala adzakhala ndi chogwira m'manja popempha kuti msewu wa kumeneko ukonzedwe poyamba. Kusalemba kumathandiza okhawo amene amafuna kuti chitukuko chigawidwe mongoyang'ana nkhope.

Chachiwiri ndi cha chitetezo cha dziko. Mahelikopita ambiri obwera pa ngozi ndi a asilikali, ndipo Mulanje ali pa malire ndi Mozambique. Kodi si kuika dziko pangozi kulemba poyera za ndege za nkhondo ndi malo otera? Nkhawayi tiilemekeze poika malire omveka. Kaundula asakhudze malo a asilikali monga a ku Zomba kapena malo ena otetezedwa ndi lamulo. Asalengeze ulendo umene ukuchitika nthawi yomweyo, koma umene unatha. Asalembe mayina kapena kuonetsa nkhope za odwala ndi opulumutsidwa. Ndipo asilikali athu pamodzi ndi oyang'anira za maulendo a pandege aitanidwe kuyambira pachiyambi kuti anene chimene sichiyenera kulowa. Kupitirira apo, bwalo la mpira la pasukulu si chinsinsi, aliyense amaliona pa zithunzi za m'mlengalenga zimene zili pa intaneti. Tikumbukirenso kuti kusowa kwa uthenga nakonso kumapweteka. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo itaipa, ndipo tinataya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Inapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza anapeza kuti munalibe makina osunga mawu ndi mayendedwe a ndege, ndipo batire ya kachipangizo kolozera pamene ndege yagwa inatha nthawi yake mu 2004. Dziko limene linadutsa m'chisoni chotere liyenera kuopa kwambiri kusalemba kuposa kulemba. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, lili mbali yathu pa nkhaniyi.

Chachitatu ndicho cholemera kuposa zonse: anthu wamba amalakwitsa, ndipo cholakwa pa nkhani ya ndege chikhoza kupha. Mnyamata angayeze bwalo molakwika, angaiwale waya, kapena mudzi ungakometse bwalo lawo pofuna kuti thandizo lizifikira kwa iwo. Yankho lake amayi a banki m'khonde analipeza kale. Bokosi lawo limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo ndalama zimawerengedwa pamaso pa gulu lonse. Palibe amene amakhulupiriridwa payekha, koma gulu limakhulupirika. Kaundula wathu ayende chimodzimodzi. Cholembedwa chilichonse chikhale ndi tsiku, chithunzi ndi chizindikiro cha amene walemba. Chisatengedwe ngati chotsimikizika mpaka munthu wachiwiri wochokera dera lina atafikapo, ndipo wachitatu waluso, kaya wa ku khonsolo kaya msilikali wa ndege wopuma pantchito, atachiona. Chaka chilichonse mvula isanayambe malo aonedwenso, chifukwa mitengo imakula, mawaya atsopano amadutsa, ndipo bwalo la chaka chatha likhoza kukhala ndi buloko ya makalasi chaka chino. Cholembedwa chimene chakhalitsa osaonedwanso chizisonyeza poyera kuti ndi chakale. Pamwamba pa zonsezi, woyendetsa ndege ndiye mwini chigamulo. Palibe woyendetsa wanzeru amene angatere osazungulira kaye kuti aone ndi maso ake. Kaundula amangomuchepetsera malo osaka, kuchoka pa dera lonse kufika pa mabwalo awiri kapena atatu.

Chachinayi ndi cha zipangizo. Ambiri m'midzi mwathu alibe mafoni amakono, mabandulo ndi odula, ndipo namondwe akafika magetsi ndi netiweki ndi zimene zimayamba kuzima. N'zoona, ndipo ndicho chifukwa chake ndikuumirira kuti ntchitoyi ndi ya m'chilimwe. GPS ya m'foni imagwira ngakhale popanda netiweki, choncho munthu angayeze malo ku Madzeka n'kudzatumiza atatsika ku Chitakale. Foni imodzi pa sukulu kapena pa chipatala ndi yokwanira dera lonse. Gogo wodziwa mmene madzi anayendera mu 1991 safunika foni, amafunika mdzukulu womvetsera ndi cholembera. Kaundula akhale pa intaneti kuti wa ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Nairobi amupeze usiku womwewo, koma asindikizidwenso pa pepala chaka ndi chaka, makope akhale kwa bwanamkubwa, ku polisi, ku chipatala cha boma ndi cha mishoni, kwa mafumu aakulu ndi ku Chileka. Alembedwe m'Chichewa ndi m'Chingerezi, mayina a malo asiyidwe mmene eni ake Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao amawatchulira, chifukwa uthenga wopempha thandizo udzabwera ndi dzina limenelo.

Chomaliza chili pawiri. Ena akuti iyi ndi ntchito ya boma, ya nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, makamaka popeza mu 2023 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la ngozi. Ena akuti anthu odzipereka amatopa, ndipo si chilungamo kuti wosauka agwire ntchito yaulere imene mabungwe olemera adzapindule nayo. Kwa oyambawo ndikuti udindo ndi wa boma ndithu, koma ofesi ya anthu ochepa siingayendere bwalo lililonse chaka chilichonse, pamene sukulu iliyonse ili ndi mphunzitsi wa jogalafe ndi ophunzira amene amasewera mpira pabwalolo. Boma litsimikize ndi kusunga, anthu asonkhanitse. Kwa achiwiriwo ndikuti nkhawa yawo ndi yoona, ndipo taona ntchito zambiri zikufa tsiku limene ndalama za alawansi zatha. Njira yopewera ndi kumangirira ntchitoyi pa zinthu zimene zilipo kale ndipo sizidalira thandizo lakunja: phunziro la mapu m'sukulu za sekondale, misonkhano ya makomiti a ngozi, maulendo amene otsogolera alendo amayenda kale. Amene walemba adziwike ndi kuyamikiridwa, wophunzira alandire kalata yomuthandiza pofuna sukulu kapena ntchito, ndipo bungwe lililonse logwiritsa ntchito kaundulayu libweze polembamo za maulendo ake. Umwini ukhale wa anthu a Mulanje kudzera ku khonsolo, mwa chilolezo chotseguka, kuti pasadzapezeke wina wotseka ndi kuyamba kugulitsa.

Poyambira pakhale pang'ono. Tisafune boma lonse chaka chimodzi. Tiyambe ndi madera amene anadulidwa mu Malichi 2023, kwa Mfumu Njema ndi m'mphepete mwa Ruo, pamodzi ndi nyumba za m'phiri, ndipo tigwirane manja ndi abale athu a ku Phalombe, popeza madzi otsika m'phiri sadziwa malire a boma. Mafumu, itanani anthu amene anaona mahelikopita akutera kuti afotokoze zimene akukumbukira, wina akulemba. Aphunzitsi aakulu, lolani ophunzira ayeze mabwalo a sukulu zanu teremu ino. Inu a m'maesiteti, tsegulani mabuku anu a mvula ndipo tiuzeni mabwalo amene muli nawo. Otsogolera alendo, ulendo wotsatira tengani manambala a malo athyathyathya amene mumawadziwa. Achinyamata okonda ndege ndi makompyuta, sonkhanitsani zithunzi za 2023 zisanafufutike, ndipo funsani anzanu a ku MUST akuthandizeni kumanga tsambalo. A khonsolo, sankhani munthu mmodzi wolandira zonsezi ndipo muitane asilikali adzaone. Mvula imayamba mu Novembala, ndipo anamondwe amene atipweteka kwambiri afika pakati pa Januwale ndi Malichi. Ngati pofika Okutobala tingakhale ndi mabwalo makumi awiri kapena atatu oyezedwa, otsimikizidwa ndi osindikizidwa, tidzakhala titachita mbali imene palibe dziko lina lingatichitire.